Kufupa Katswiri wa ku South Bend

A Hamilton Nyirenda, tcheyamani wa bungwe la Amalawi ku Lawrence, ku America, anayang'ana wotchi kachisanu. Alendo awiri ofunika anali asanafike.

Nkhani inali ya chipinda. Kwa zaka zitatu, aluso asanu ndi mmodzi aulumali ankajambula ndi kuumba m'chipinda chimenechi mwaulere. Tsopano eni nyumba, bungwe lina la zaluso mu Indianapolis, anati atumiza munthu adzaone mmene alusowo amasamalidwira. Akapanda kukhutira, makiyi abwezedwe Lolemba. Pofuna kukometsa tsikulo, a Hamilton anaitana Madalo, katswiri wojambula wa ku South Bend, nayenso waulumali. Zithunzi zake zinali kale pakhoma, koma mwini wake ankangomudziwira pa mauthenga a pafoni.

Chitseko chinatseguka. Munalowa mayi pa njinga ya olumala, akukankhidwa ndi bambo wa suti yakuda.

"Afikira limodzi, Mulungu ngwabwino," a Hamilton ananong'oneza mlembi wawo. "Tiffany, abwanawo ku tebulo lapamwamba. Mayiwa uwapakinge pafupi ndi zithunzi, kamera iwaone bwino."

"Bambo, mwina ndiyambe ndi..." anatero mayiyo.

"Musavutike, mayi. Lero okuyankhulirani ndife."

Anayankhuladi, mphindi makumi anayi, m'Chingelezi chimene amasungira maukwati. Anafotokoza za ubwana wawo, madigiri awo awiri, ndi mtima wawo wachifundo umene anati anabadwa nawo. Aluso anawatchula kamodzi, pamene ankafufuza tsamba lachitatu.

Bambo wa suti sanaseke, sanaombe m'manja. Ankangowayang'anitsitsa pakamwa, kenako n'kulemba pafoni. Akalemba, a Hamilton ankaganiza za makiyi aja. Chipindacho chikapita, aluso aja akajambulira kuti, m'galaja ya ndani, m'nyengo yozizira ino? Nanga chikwangwani chokhala ndi dzina la tcheyamani chikapachikidwa pati?

Ataona kuti mawu akanika, anatulutsa chida chakwathu.

"Ikani nyimbo! Tiyeni timufupe katswiri wathu!"

Anthu anadzuka mumzere, akuvina. Madola anagwa pamiyendo pa mayi uja, ena paphewa, dola imodzi inakakamira m'tsitsi. Amayi a Chikumbutso anamufunditsa chitenje m'maondo, n'kumusisita pamutu.

"Limbani mtima, mwanawanga. Tsiku lina mudzayenda."

Kumbuyo, aluso asanu ndi mmodzi aja anaweramitsa mitu. Gule ameneyu ankamudziwa.

Nyimbo itatha, a Hamilton anapukuta thukuta n'kuweramira kwa bambo wa suti.

"Bwana, mwaona nokha chikondi chathu. Chipindachi tikhala nacho?"

Bamboyo analemba pang'ono, n'kuwatembenuzira foni. Panali mawu akuti: "Pepani a tcheyamani, ine sindimva. Ndine Madalo. Womasulira chinenero chamanja afika nthawi yanji?"

Mayi uja anachotsa dola m'tsitsi, anapinda chitenje bwinobwino, n'kutulutsa cholembera.

"Ndine Lucia Gray, wotumidwa ndi eni nyumba," anatero m'Chichewa chosalala. "Awa angondithandiza pamasitepe, poti polowera njinga patsekedwa ndi galimoto. Lakuda, lolembedwa kuti Tcheyamani."