Holo Yomangidwa Chikhalire

"Dzuka, mlesi iwe! Anzako akutsuka magalimoto kuti timange holo ya achinyamata!" Mayi wapampando anakalipira mwana wawo, amene anangoti ndwii pamwala, dzanja lili patsaya.

"Musiyeni choncho, mayi!" anakuwa wojambula amene anabwera kudzajambula zithunzi zopemphera thandizo. "Enawa akungosekerera, angawamvere chisoni ndani? Nkhope yosowa kolowera ndi imeneyi."

Chithunzicho chitafika kwa anthu akufuna kwabwino, thandizo linagwa ngati mvula, holo n'kutha.

Tsiku lotsegulira, otsuka magalimoto aja anaimirira kumbuyo, manja ali ming'alu yokhayokha. Mlesi uja anamukhazika kutsogolo, pampando wawofuwofu.

"Khala bwino, anthu akukuona," mayi ake anamunong'oneza.

"Musandiphunzitse kukhala, amayi. Holoyi ndaimanga ndili chikhalire."