Kadontho Kokhota Masana

"Nanga mayinawo wafufutiranji?" anafunsa mayi Dinala atasuzumira pa laputopu ya mwana wawo Sumaiya.

Sumaiya ankasonkhanitsa pa intaneti maulendo a akabaza a pa Muloza kuchokera m'mafoni mwawo, kuti aziwauza komwe okwera amachuluka. Aliyense anachita kuvomera yekha, ndipo pa mapu njinga iliyonse inkangooneka ngati kadontho.

"Ndinawalonjeza, amayi. Ine ndikufuna misewu, osati anthu."

"Wawononga zokoma iwe! Bwenzi tikuwadziwa onse ozembera akazi awo," anadandaula mayiwo, amene chimwalirireni amuna awo nkhani za eni sizinkawadutsa. "Taona aka! Masana alionse kakumakhota n'kukaima pamodzimodzi. Kuli chibwenzi uko. Takulitsa tione nyumba yake!"

Sumaiya anakana, koma chala cha mayi ake chinali chitadina kale. Mapu anakula: kanjira ka kumzikiti, mtengo wa mapeyala, denga lobiriwira. Inali nyumba yawo yomwe, nthawi imene Sumaiya amakhala ali kuntchito.

Mayi Dinala anakonza mpango wawo modekha.

"Mwanangu, zinsinsi za anthu n'zofunika kuzilemekeza. Kadonthokanso kafufute."