Mphutsi Makumi Atatu

Anatsegula kabati yofunditsa mphutsi asanavule n'komwe jekete.

Ntchito ya mayiyu mu labu inali kubaya mphutsi za m'ming'oma ya njuchi mabakiteriya osamva mankhwala, n'kuona ngati mankhwala atsopano angazipulumutse. Yamoyo imakhala yoyera, yakufa imada bii. Zaka zisanu ndi zinayi ankachita zimenezi mtima uli m'malo.

Koma mabakiteriya a dzulo anachokera pabala la mlongo wake, kalipentala amene anaponda msomali. Mankhwala asanu anali atakanika, mwendo ukungowola. Dokotala anati adikira mpaka m'mawa uno basi. Mankhwala omaliza akalephera pa mphutsi, mwendo udulidwa.

Dzulolo mnzake wapantchito, bambo waimvi, anamuona akutayira tiyi patebulo.

"Mayi, manja onjenjemera amenewo ndi ogwirira singano? Bweretsani ndikubayireni."

"Ndi achimwene anga awa. Ndibaya ndekha."

Makani ake ndiye osanena! Anabayadi yekha, mbale zitatu, mphutsi khumi m'mbale iliyonse. Yoyamba mabakiteriya okha. Yachiwiri mabakiteriya ndi mankhwala omaliza aja. Yachitatu madzi amchere chabe, monga mwa lamulo la ntchito, ndipo anaikankhira kumbuyo kwa kabati.

Tsopano anasolola yoyamba. Zonse bii. Zimenezo ankayembekezera.

Anasolola yachiwiri. Mayo ine! Zonse khumi bii. Anazigwedeza ndi kansonga imodzi imodzi, kuzitembenuza chagada, osatakataka ngakhale imodzi. Anazungulira tebulo kawiri, nabwerezanso. Palibe.

Anaimbira dokotala.

"Alephera. Musachedwe, mungataye munthu. Dulani."

Kenako anakhala pampando, n'kudzukanso. Anapukuta tebulo loyera kale. Ankangoona mlongo wake ali pamakwerero, pensulo kukhutu, akumuseka kuti anapita kusukulu zaka zonsezo kuti azikaweta mphutsi. Ola linatha, lachiwiri linatha. Uthenga wa mlamu wake unalowa: atuluka ku fiyeta, mwendo audula, zatheka.

Apo m'pamene bambo waimvi uja anafika. Anasuzumira m'kabati, napisa dzanja kumbuyo, natulutsa mbale yachitatu. Anaiyang'ana nthawi yaitali asanaiike patsogolo pa mayiyo.

Mphutsi zamadzi amchere, zosalawa bakiteriya ngakhale mmodzi, nazonso zinali bii zonse khumi.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "mphutsizi sizinafe ndi matenda. Zinafa ndi singano."