Fungo la Belo

Kapitawo wa fakitale ya mapepala anaima pakati pa mabelo a phala louma la mitengo, chipewa chili m'manja.

"Chaka chino dziko lathu laitanitsa theka chabe la phala lomwe linaitanitsa chaka chatha. Anzathu a tsidya la malire, kadziko kakang'ono ngati kathu komweka, aitanitsa kuwirikiza katatu. Ena a ife tiyamba kukhala pakhomo."

Antchito onse anayang'anana. Mayi wodula mawaya a mabelo anang'amba kachidutswa pakona ya belo n'kukanunkhiza, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Mwamuna wake anali kudziko lozizira kochokera phalali, komwe anapita kukagwetsa mitengo.

"Akapitawo, a tsidyawo amagula komwe timagula ifeko?"

"Komweko, mayi."

Mayiyo anamwetulira.

"Achemwali, mwazungulira mutu?" anamunong'oneza mnzake wa pamakina. "Ntchito ikutha, inu n'kumasekerera?"

"Ngati akugula chotero, ndiye kuti mitengo ikugwabe. Bambo a kunyumba akadali pantchito."

Mnzakeyo anamugwira dzanja pang'onopang'ono. "Nanga akakhalabe pantchito, abwera liti?"

Mayiyo anapinda kachidutswa kaja bwinobwino, n'kukalowetsa pachifuwa.