Tepi ya a Magdi

"Waiika kuti tepi yanga?" anafunsa a Magdi, akupapasa pansi pa TV.

Peggy anamwetulira. Miyezi isanu wakhala akusamalira mkulu wa ku Egypt ameneyu kunyumba kwake ku Romford, ndipo masana alionse inali filimu imodzimodziyo, yakalekale, tepi yake yosokosa ngati mvula pamalata. Kwawo kwa Peggy ku Chipata, filimu yotere anthu akanatuluka isanafike n'pakati pomwe.

"Ndaitaya, adadi. Ndakupezerani DVD ya filimu yomweyo, yowala bwinobwino. Koma kunena zoona, mafilimu akwanuwa ayi ndithu. Mkazi kulira, mwamuna kuimba, ndewu olo imodzi!"

A Magdi anasuzumira pawindo. Galimoto ya zinyalala inali itadutsa kale m'mawa.

"Sukunama, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Ndi filimu yachabechabe. Ine sindinaikondepo."

"Nanga mumaioneranji tsiku ndi tsiku?"

"Ikatha, tepi imapitirira. Pali mphindi zitatu za malemu mkazi wanga, ali pakhonde ku Cairo, akuseka, akundiitana dzina. Kuithamangitsa ndinkaopa kuti iduka, ndiye ndinkangopirira maola awiriwo."

Peggy anali asanazionepo mphindi zimenezo. Filimuyo ikamatha, iye ankakhala ali kale pasiteji, shifiti itatha, akudikira basi ya ku Thamesmead, kumene ankakhala.

Tsiku limenelo basi inapita yokha. Peggy anakhala pambali pa nkhalambayo, naonera filimu yonse, yowala bwinobwino, mpaka nyimbo yomaliza. Kenako TV inangoti bii, a Magdi akuyang'anabe.