Ngowe imene Enoch anabisa m'thumba

Panali munthu wina kwathu kuno ku Walsall, m'masiku a ngolo za mahatchi, dzina lake Enoch Tranter. Ankasungunula chitsulo n'kuthira m'zikombole, n'kupanga ngowe zomangira hatchi kungolo. Ng'anjo ankayang'anira ndi mkazi wake, Zillah. Mayi uja, eee, sankaseka ndi ntchito!

Chitsulo chothira chimatuluka cholimba koma chosachedwa kusweka, ngati mbale yadothi. Amachiwotchanso m'ng'anjo masiku angapo, chizizire chokha pang'onopang'ono. Chikatero chimapindika osathyoka. Zillah akatsegula ng'anjo, ankayamba wamenya ngowe imodzi ndi nyundo kuti aone.

Tsiku lina kunabwera mlendo wofuna ngowe zambiri pofika Loweruka la sabata yomweyo.

"Sizinapse izi, amuna anga," anatero Zillah.

"Aaa, iwenso! Ndi buledi kodi? Chitsulo ndi chitsulo," anayankha Enoch, natsegula ng'anjo nthawi isanakwane.

Loweruka, mlendo ali pomwepo, Zillah anatenga nyundo. Kumenya imodzi, phwaa! Kumenya ina, phwaa! Anaswa zonse zimene anaziona.

"Wapenga kodi? Ukundichititsa manyazi pamaso pa mlendo!" anakalipa Enoch.

"Manyazi amatha, bambo. Maliro a ana a eni sitingawathe."

Mlendo anavala chipewa chake n'kumapita. Koma Enoch, poti makani anali nawo, anali atabisa ngowe imodzi m'thumba. Anaimanga pangolo yake kuti mkazi wake aone kuti inali bwinobwino.

Akutsetsereka chitunda ngolo itadzaza malasha, ngowe ija inathyoka. Ngolo inapendama, gudumu n'kumupera mwendo. Madokotala anaudula.

Zillah sananene kuti "ndinakuuzani". Anamusamala, ng'anjo n'kumayendetsa yekha. Tsiku lina akumutsuka bala, Enoch anagwetsa misozi.

"Zillah, imodzi yokha yandidyera mwendo. Zinazija ukanapanda kuswa, zikanadya angati?"

Enoch anakalamba akuyendera ndodo, ndipo ng'anjo ikatsegulidwa, nyundo ankamupatsira Zillah ndi iyeyo, ndi manja awiri.

Phunziro: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito isanapse musaiphule, ndipo amene akukuchititsani manyazi pokuuzani chilungamo ndiye amakukondani. Musaisunge nokha nkhaniyi, tumizirani aja amangoti "zili bwino" zisanapse.