Mpando wa Nason M'khola la Mbuzi

"Anyina Chiza, bwezani m'mbuyo sipika yanuyo! Yayandikila kwambili!" anakuwa Nason, chingwe cha ng'ombe chili m'manja.

Nason uyu ndi mwamuna wa mitala wa ku Magodi, dazi lalikulu koma nzelu za mwanapiye. Atagulitsa fodya anakagula ku boma masipika awili opanda mawaya. Wogulitsa anamuuza kuti nyimbo imakoma sipika ina ikakhala kumanzele, ina kumanja, womvela pakati penipeni. Basi ina anaika pakhonde la mkazi wamkulu, anyina Chiza, ina pakhonde la wamng'ono, Consolata. Atapima ndi chingwe chija, pakati panagwela m'khola la mbuzi. Munthu wamkulu ndithu, anakaikamo mpando!

Dzuwa litafika pamutu njala inamugwila. Anaponya phazi cha kwa mkazi wamkulu.

"Mukapitilila apo, sipika yanga ndiiponya m'chitsime!" anakuwa Consolata.

Anatembenukila kwa Consolata.

"Yesani, adada," anatelo anyina Chiza. "Yanga ilowa mumtondo, musi ndi uwu."

"Nanga ndidya kuti ine?"

"Munapima nokha. Khalani pomwe nyimbo ikukoma."

Akazi awo, amene sanapatsane moni zaka zisanu, anapha nkhuku nakadyela limodzi kuseli kwa nkhokwe, kuseka mpaka kutsamwa. Nason anabwelela pampando, mimba ikulila kuposa ng'oma za m'sipika.

"Koma zikumveka bwino, eti?" Nason anafunsa tonde wa m'kholamo.

Tonde anali atayamba kale kudya kolala ya shati ya Nason.